Kulira kwa munthu pa foni si nyimbo yogawana

Lero za fetereza, za anankafumbwe ndi za mitengo ya soya tazisiya kaye pambali. Nkhani ya lero ndi yaitali ndithu, koma zithunzi mulibe, bandulo yanu siipweteka. Khalani pansi tikambirane.

Funso langa ndi ili. Munthu akakhala pa mavuto n'kuimba foni kupolisi, kuchipatala kapena kwa ozimitsa moto, mawu ake aja n'kujambulidwa, mwini wake wa mawuwo ndi ndani? Ndi boma, poti makina ojambulira ndi a boma? Ndi ife tonse, poti makinawo anagulidwa ndi misonkho yathu? Kapena ndi munthu uja amene amalankhula akunjenjemera, mwina magazi ali chuchuchu?

Maganizo anga ndinene pompano kuti musavutike kundisaka m'munsimu. Zimene wantchito wa boma anayankha, nthawi imene anayankha, ndi zimene anachita atamva, zimenezo ndi zathu tonse ndipo zisabisidwe. Koma liwu la woimbayo, dzina lake, nambala yake ndi khomo lake, zimenezo ndi zake. Zisatuluke pokhapokha iye mwini atalola, kapena khoti litaona kuti palibe njira ina. Ndikudziwa ena mwanena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe mbali imodzi. Dikirani kaye mumve.

Kumene mkanganowu unakulira kwambiri ndi ku America, ndiye tiyambire komweko. Kumeneko nambala ya zadzidzidzi ndi 911. Anzawo a ku Britain ndi amene anayamba ndi 999 mu 1937 mu mzinda wa London, pamene ku America foni yoyamba ya 911 inaimbidwa mu 1968 m'katauni kakang'ono ka Haleyville, m'chigawo cha Alabama. Lero ukaimba 911 amakuyankha ndi munthu amene ntchito yake ndi yomweyo usana ndi usiku. Amakufunsa kuti uli kuti, chachitika n'chiyani, kenako uthengawo umapita kwa apolisi, a ambulansi kapena ozimitsa moto amene ali pafupi. Zonse zimene mwalankhulana zimajambulidwa, ndipo nthawi imalembedwa mpaka masekondi.

Tsono America ili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake pa nkhani ya mawu ojambulidwawa. Ku Florida mtolankhani atha kupempha odiyo n'kupatsidwa, atangochotsamo dzina, nambala ndi adiresi ya woimbayo. Ku Minnesota odiyo imakhala ya chinsinsi, koma mawuwo akalembedwa pa pepala aliyense atha kuwerenga. Ku Alabama, komwe 911 inabadwira, kuyambira mu 2010 munthu wamba sangapatsidwe odiyo ya mnzake popanda chilolezo cha khoti. Dziko limodzi, njira zosiyanasiyana. Ndiye kuti nkhaniyi si yophweka, eti?

Tiyambe ndi amene amati odiyo izituluka. Anthu amenewa si amiseche chabe ayi, ali ndi mfundo zolemera.

Mu Novembala 2014, mu mzinda wa Cleveland, mwana wa zaka 12 dzina lake Tamir Rice ankasewera pa paki ndi mfuti ya chidole. Munthu wina anaimba 911 n'kunena kuti pali wina akuloza anthu ndi mfuti. Koma woimbayo anawonjezera kuti mfutiyo mwina ndi yabodza, komanso kuti woigwirayo mwina ndi mwana. Mawu awiri amenewa sanafike kwa apolisi amene anatumidwa. Galimoto itangoima, pasanathe masekondi awiri kapena atatu, wapolisi anawombera mwanayo, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Anthu anadziwa bwanji kuti uthenga unaduka panjira? Chifukwa mawu a woimbayo anajambulidwa, mawu opita kwa apolisi anajambulidwanso, ndipo atawaika pamodzi mpata unaoneka. Pakanapanda zimenezo, mlandu wonse ukanagwera woimba foni uja, kuti ndi iye anaopseza apolisi.

Ina ndi ya ku Uvalde, m'chigawo cha Texas, pa 24 Meyi 2022. Mnyamata wa zaka 18 analowa pa sukulu ya pulayimale ndi mfuti n'kupha ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Tsiku lotsatira bwanamkubwa wa chigawocho, a Greg Abbott, anayamikira apolisi kuti anachita chamuna. Patangopita masiku awiri, anabweranso n'kunena kuti anawanamiza. Zoona zake zinali zoti achitetezo 376 anafika pamalopo, koma panadutsa mphindi 77 asanalowe m'kalasi mmene munali wakuphayo. Mkati mwa nthawi imeneyo ana ena anali kuimba 911 ali m'kalasimo, kunong'ona, kupempha kuti apolisi abwere. Mafoni a anawo ndi amene anasonyeza kuti mkatimo munali anthu amoyo pamene akuluakulu a mfuti anali ataima pa khonde. Ndipo akuluakulu a mzindawo sanatulutse zojambulidwazo mwa kufuna kwawo. Nyumba zoulutsa nkhani zinachita kuwatengera kukhoti, mpaka zinatuluka mu Ogasiti 2024.

Mwaona? Wolakwa akakhala yemweyo wosunga umboni, khoswe wakhala pa mkhate. Ife alimi timazidziwa bwino izi. Venda akamayeza chimanga chako sikelo ataitembenuzira kwa iye yekha, umadziwa kuti pali chimene chikubisika. Timafuna sikelo ikhale poyera, tonse tione muvi pamene waima. N'chimodzimodzi ndi nambala ya zadzidzidzi. Foni inalira nthawi yanji? Anayankha nthawi yanji? Anamuuza chiyani woimbayo? Galimoto inanyamuka nthawi yanji? Imeneyo ndi sikelo ya boma, ndipo isatembenuzidwire kukhoma.

Tsopano mbali inayo, imene ambiri saiganizira mpaka itawagwera.

Munthu woimba nambala ya zadzidzidzi sanasankhe kulankhula pa gulu. Si wandale amene wakwera pa nsanja, si woimba amene walowa mu situdiyo. Ndi munthu amene tsiku limenelo ndi loipitsitsa pa moyo wake wonse. Amalira, amatukwana, amatchula matenda amene ngakhale apongozi ake sawadziwa, amanena za m'chipinda chogona, mwina amalankhula mawu ake otsiriza. Amanena zonsezi chifukwa akufuna thandizo basi. Kutenga mawu amenewo n'kuwaika pa wayilesi pakati pa nyimbo ndi malonda a sopo, ine ndimaona ngati kumuvula munthu pa msika.

Michael Jackson atamwalira mu Juni 2009, foni imene wantchito wake anaimba kupempha ambulansi inamveka pa mawayilesi a dziko lonse m'masiku ochepa. Ndani anapindula? Palibe wolandira foni amene ankafufuzidwa pamenepo. Anthu ankangofuna kumva mmene nyumba ya munthu wotchuka imamvekera pamene mwini wake akutsirizika. Kumeneko si kuyang'anira boma, ndi kusuzumira pa zenera la maliro.

Yowawa kwambiri ndi ya pa sukulu ya Sandy Hook, m'tauni ya Newtown ku Connecticut, kumene mu Disembala 2012 munthu anapha ana 20 ndi akuluakulu 6. Bungwe la atolankhani la Associated Press linapempha mafoni a tsikulo. Woimira boma pa milandu anakana, ati zipweteka mabanja. Khoti linagamula kuti atuluke, ndipo anatuluka mu Disembala 2013, kutangotsala masiku ochepa kuti chaka chikwane. Chimene chinamveka n'choti olandira mafoni anagwira ntchito yawo modekha. Mawayilesi ena akuluakulu a kanema anakana kuulutsa mawuwo ngakhale lamulo linawalola. Ine ndimawalemekeza amenewo. Lamulo likakulola chinthu sikuti umunthu nawonso wakulola.

Ndiye tichite bwanji, poti mbali zonse zili ndi mfundo? Njira imene inandigwira mtima ine ndi ya ku New York. Pa 11 Sepitembala 2001, ndege zitawomba nyumba zitalizitali ziwiri zija, anthu amene anatsekeredwa m'mwamba anaimba 911, ndipo ambiri mwa iwo sanatuluke amoyo. Nyuzipepala ya New York Times, pamodzi ndi mabanja ena a omwalira, inapempha mafoniwo. Mzinda unakana. Mu 2005 khoti lalikulu la chigawocho linaudula pakati mlanduwo. Linati mawu a olandira mafoni atuluke, chifukwa iwo anali pa ntchito ya boma. Koma mawu a oimbawo asatuluke, pokhapokha mwini wake kapena banja lake atafuna. Mu 2006 zojambulidwazo zinatuluka zili choncho: ukumva wantchito akufunsa, kenako zii, kenako wantchito akuyankhanso.

Ndipo mukudziwa? Ngakhale mbali imodzi yokhayo inali yokwanira kuonetsa pamene panavuta. Zinamveka kuti olandira mafoni ambiri sankadziwa kuti akuluakulu a ozimitsa moto alamula kuti anthu atuluke m'nyumbazo, ndiye ena ankauza oimbawo kuti akhale pomwepo adikire thandizo. Cholakwika cha boma chinaoneka poyera, koma mayi sanamve mwana wake akubanika ndi utsi pa wayilesi ya mu minibasi. Sikelo inaoneka, za m'nkhokwe ya munthu sizinalengezedwe.

Nkhani ya George Floyd, amene anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, ikuphunzitsanso zomwezo. Minneapolis ili ku Minnesota kuja ndanena kuti odiyo ya woimba ndi ya chinsinsi. Mafoni a anthu wamba a tsikulo anatuluka olembedwa pa pepala. Koma panali mayi wina wogwira ntchito ku 911 amene ankaona pa kamera zimene apolisi ankachita, mtima wake sunamulole, n'kuimbira mkulu wa apolisiwo kumuuza kuti pali chimene sichikuyenda bwino. Mawu akewo anamveka poyera, ndipo mu 2021 iye anakachitira umboni kukhoti pa mlandu umene wapolisiyo anapezeka wolakwa. Wantchito wa boma mawu ake akamveka, si nthawi zonse pamene amachita manyazi. Wochita bwino naye amadziwika.

Tsopano wina afunsa kuti, a neba, za ku America zikutikhudza chiyani ife olima mtedza? Tibwere kwathu.

Ifenso tili ndi manambala athu. Pali 997 ya apolisi, pali 116 yothandiza ana. Koma tinene zoona, kuno kumudzi zikavuta usiku ambiri timaimba nambala ya munthu amene timamudziwa. Timaimbira wapolisi wa pa yuniti, tcheyamani wa community policing, dalaivala wa ambulansi, mlangizi wa zaumoyo, kapena a mfumu. Foni imene ikulandira kulira kwathu si makina otsekeredwa mu ofesi ayi. Ndi foni ya m'thumba la munthu. Mafoni ambiri a masiku ano, ngakhale otchipa omwe, ali ndi pojambulira mawu. Foni yomweyo mawa ikukatchajitsidwa pa golosale, mkuja ili ndi mwana akuseweretsa, mtondo memore yake ili kwa anyamata obena nyimbo pa msika. Ku America amakangana ndi maloya kuti odiyo ituluke. Kuno imatuluka ndi chala chimodzi, n'kulowa pa gulu la WhatsApp la mpingo, la banki m'khonde, la ana a mudzi uno okhala m'tauni, mpaka ku Joni dzuwa lisanalowe.

Ndipo tisaiwale kuti masiku ano simukadi iliyonse inalembetsedwa ndi chitupa cha unzika. Nambala yako ndi dzina lako. Kale munthu ankatha kuponya kakalata kopanda dzina. Lero ukangoimba, wasaina.

Chinanso chimene anzathu a m'mizinda ikuluikulu sangachimvetse n'chakuti kuno kuchotsa dzina sikubisa munthu. Mu mzinda wa anthu mamiliyoni, njira ya ku Florida ija itha kugwira: chotsa dzina, chotsa nambala, liwu lisiye. Kuno? Munthu akangotsokomola kuseri kwa mpanda timadziwa kuti ndi uje. Timadziwa kaseka kake, kaitanidwe kake ka nkhuku, chibwibwi chake. Ngakhale liwu utalisintha, kumbuyo kukumveka chigayo, kukumveka galu, kukumveka mwana akuitana dzina la mayi ake. Ngakhale pa pepala, akangolemba kuti "mwamuna wa mchemwali wanga amene amakonza njinga", mudzi wonse wadziwa. Kwathu kuno liwu ndiye dzina.

Tiyerekeze zinthu zitatu zimene tonse tikudziwa kuti zimachitika m'midzi yathu.

Choyamba, mayi akumenyedwa ndi mwamuna wake usiku. Wathawira m'bafa n'kuimba foni akunong'ona. Mawa odiyo ija ili pa gulu, anthu akuika tizithunzi toseka, ena akuti "koma mayiwa pakamwa". Mwamuna uja akaimva, mayiyo agona kuti? Ndipo mayi wachiwiri amene wamva odiyoyo, naye amamenyedwa, tsiku lake likafika adzaimba? Sadzaimba. Adzaluma chitenje n'kupirira, mpaka tidzamve mfuu ya maliro.

Chachiwiri, bambo waona ng'ombe za mnzake zikutulutsidwa m'khola pakati pa usiku, ndipo wazindikira mmodzi mwa akubawo. Waimba. Ng'ombe zapezeka. Koma odiyo yatuluka. Akubawo akatuluka pa belo, kapena abale awo akamva, sapita kukhoti kukadandaula. Amabwera ndi zikwanje m'munda mwako chimanga chili ndi ngaiyaye, kapena ndi machesi pa shedi ya fodya. Thukuta la chaka chonse limathera pa foni ya mphindi imodzi.

Chachitatu ndi chimene chimandisowetsa tulo. Pamwalira munthu mwadzidzidzi, anyamata atenthedwa mitu, ayamba kuloza agogo ena kuti ndi mfiti. Miyala yayamba kutoledwa. Tonse timamva pa wayilesi kuti okalamba akhala akuphedwa motere m'dziko muno. Pa gulu lonselo pamakhala munthu mmodzi amene amazemba n'kupita kuseri kwa nyumba kukaimbira apolisi. Munthu ameneyo ndi amene amapulumutsa moyo wa agogowo. Koma gulu likadziwa kuti ndi iye, mawa mfiti ndi iyeyo. Chitetezo chake chonse ndi chinsinsi. Mukamuulula, mwapha anthu awiri: iye, ndi agogo a mudzi wina amene sipadzapezeka wowaimbira foni.

N'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi si ya manyazi chabe. Nambala ya zadzidzidzi imayenda ndi chikhulupiriro, ngati mmene banki m'khonde imayendera. Tsiku limene anthu adziwa kuti za m'kaundula zimakambidwa pa mjigo, amasiya kuponya masheya. Tsiku limene anthu adziwa kuti kuimbira apolisi ndi kudziika pa gulu, foni imasiya kulira. Ndipo foni ikasiya kulira sikuti mavuto atha. Angolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Malamulo athu nawo amagwira mbali zonse ziwiri. M'malamulo oyendetsera dziko lino, gawo 37 limapereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, pamene gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zolankhula zake za pa foni. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo amaliyang'anira ndi a Malawi Human Rights Commission. Lamulo lomwelo limatetezanso nkhani zokhudza moyo wa munthu payekha. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene amaliyang'anira ndi a MACRA. Ndiye mizati ilipo. Chimene chikufunika n'choti mizatiyo ifike pa foni ya tcheyamani wa m'mudzi, osangothera m'mabuku a ku Lilongwe.

Mphamvu ya odiyo yotayikira tinaiona tonse mu Januwale 2022, pamene mawu a mayi Martha Chizuma, amene panthawiyo anali mkulu wa ACB, anajambulidwa akucheza pa foni n'kufalikira paliponse. Dziko linagwedezeka, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mayiwo anamangidwa m'mbandakucha asanatulutsidwe tsiku lomwelo. Sindikulowa m'ndale za nkhaniyo, ndipo sinali foni ya zadzidzidzi. Ndikungoti, ngati munthu wophunzira malamulo, wa udindo waukulu chonchija, odiyo imodzi inamuzunguza choncho, nanga mayi wa m'mudzi amene alibe loya, alibe mpanda, alibe mlonda?

Ndikudziwa mafunso amene abwere m'makomenti, ndiye ndiyankhiretu.

Wina ati, wosalakwa saopa, ngati wanena zoona akubisaliranji? Achimwene, amene akuopa pano si wolakwa, ndi mboni. Wakuba ali ndi chikwanje, mboni ili ndi foni yokha. Mwambi umenewo uuzeni wolandira foni amene anagona pa ntchito, osati woimba.

Wina ati, nanga anthu oipa mtima amene amaimba kunamizira anzawo chifukwa cha mkangano wa malire a munda? Funso labwino, ndipo anthu otere alipo. Koma mankhwala ake si kuika odiyo pa gulu. Wonamiziridwayo ali ndi khoti. Kumeneko woweruza atha kulamula kuti mawuwo amvedwe, wonamayo ayankhe. Chinsinsi chimene ndikunena ine ndi chobisira gulu, osati chobisira chilungamo. Mlandu umakambidwa pa bwalo, a mfumu ndi nduna zawo atakhala pansi, osati pa chigayo.

Wina ati, mukapatsa boma mpata wobisa, lidzabisa zonse, lidzati tikuteteza woimba pamene likudziteteza lokha. Apa ndiye pali nkhani, ndipo ku Uvalde kuja n'zimene anthu ankadandaula. N'chifukwa chake mzere uyenera kukhala woonekeratu. Chobisika ndi woimba basi. Nthawi imene foni inalira, amene anailandira, zimene anayankha, nthawi imene galimoto inanyamuka ndi imene inafika, kapena chifukwa chimene sinanyamukire, zimenezi zilibe chinsinsi. Ngati yankho linali lakuti galimoto ilibe mafuta, anthu amve kuti galimoto inalibe mafuta, kuti akafunse phungu wawo ndi khansala wawo. Ndipo woimbayo, kapena banja lake ngati iye wamwalira, akhale ndi ufulu wopatsidwa mawu ake onse. Akafuna kuwatulutsa yekha kuti dziko limve mmene anamunyalanyazira, ndi ufulu wake. Nkhokwe ndi yake, atha kuitsegula. Koma wina asamutsegulire.

Ndiye pempho langa lili pa magulu anayi.

Kwa inu amene mumalandira mafoni a anthu ovutika, kaya ndinu apolisi, a zaumoyo, a community policing kapena mafumu athu: ntchito yanu ndi yolemera ndipo ambiri mumaigwira popanda malipiro okwanira, tikuthokoza. Koma mawu amene mwalandira ndi katundu wosungitsidwa. Ngati mwajambula kuti ukhale umboni, upite kwa wofufuza mlandu basi, ndipo mukapereka muufufute m'foni yanu. Mukafika pamalo musanene kuti "watiimbira ndi uje". Ngakhale kwa akazi anu kapena amuna anu kunyumba, ayi.

Kwa makomiti athu a m'midzi: tiyeni tikhale ndi kabuku. Tsiku, nthawi imene uthenga unafika, mtundu wa vuto, nthawi imene thandizo linafika. Dzina la woimba lisalembedwemo. Kabuku kameneka kaziwerengedwa pa msonkhano wa mudzi, kuti tizidziwa ngati tikuthandizidwa kapena ayi. Imeneyo ndi sikelo yathu, ndipo siifuna ndalama ya boma kapena ya bungwe. Kope la mwana wa sukulu ndi bolopeni zakwana.

Kwa aphungu ndi makhansala amene mumawerenga mwakachetechete osaika komenti, tikukuonani: pamene dziko likukonza manambala a zadzidzidzi kuti aziyenda bwino, lamulo linene momveka kuti mawu ojambulidwa amasungidwa ndi ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndani angawamve, ndipo wowatayitsa alandira chilango chanji. Musadikire kuti munthu afe kaye. Anzathu a ku America anaphunzira ndi maliro, ife tiphunzire ndi makutu.

Ndipo kwa ife tonse a pa magulu, makamaka ma adimini, komanso inu abale a m'tauni ndi a ku Joni amene mumakonda kufunsa kuti "kumudzi kwachitika zotani, tatumizani odiyo": ikakufikani odiyo ya munthu akulira kupempha thandizo, isapitirire pa inu. Musanadine kotumizira, dzifunseni mafunso awiri. Mwini wake walola? Ikafika kwa amene amamuopa, chimuchitikire n'chiyani? Ngati mukuona kuti muli umboni wa mlandu kapena wa kunyalanyaza ntchito, pitani nayo kwa oyenera, osati pa gulu la anthu 200. Dziwaninso kuti kuyambira pamene kunabwera lamulo la za pa intaneti la 2016, anthu akhala akumangidwa m'dziko muno chifukwa cha zimene anatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Koma ine sindikufuna musiye chifukwa choopa selo. Musiye chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Palibe amadziwa usiku umene adzagwire foni manja akunjenjemera.

Ndathera pamenepa, mbuzi zikundidikira. Tsopano ndimve kwa inu. A neba, inu mukanakhala kuti mwaona zoipa usiku, n'kudziwa kuti mawu anu atha kumveka pa gulu mawa, mukanaimba? Ndipo inu amene simukugwirizana nane, makamaka a m'tauni amene mumati zonse zizikhala poyera, bwerani ndi mfundo zanu, tikambirane mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Koma chonde, popereka zitsanzo musatchule dzina la munthu kapena la mudzi wake. Komenti yotchula dzina ndiichotsa, ngakhale ikhale ya amalume anga.

Sabata ya mawa tibwerera ku za kasungidwe ka chimanga. Mulungu akusungeni nonse.